Kuunika sukulu ya mkombaphala m'chigwa cha Shire alendo a kuboma asanabwere

Sukulu za mmera mpoyamba za m'midzi, zomwe ambiri amazitcha mkombaphala, zimayang'aniridwa ndi unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu kudzera ku ofesi ya Social Welfare ya pa boma, ndipo ndondomeko ya dziko lino yokhudza ana aang'ono, yomwe idatuluka mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2017, ndiyo imalongosola momwe malowa ayenera kukhalira. Komabe ofesi ya ku Chikwawa kapena ya ku Nsanje singafike pa sukulu iliyonse pafupipafupi, makamaka za kutsidya kwa Shire monga ku Makhanga, komwe njira zimaduka m'dzinja. N'chifukwa chake komiti ya makolo iyenera kumaunika yokha sukulu yake.

Ounika akhale atatu kapena anayi: wa m'komiti, kholo la mwana wophunzira pomwepo, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, komanso woteteza ana ngati alipo. Anyakwawa adziwitsidwe, koma tsiku lisalengezedwe, chifukwa chofunika kuona ndi momwe ana amakhalira pa tsiku wamba.

Yambirani pa madzi ndi chimbudzi, ndipo musafulumirepo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idavuta kwambiri m'maboma athu, ndipo popeza mijigo ina kuno imatulutsa madzi amchere, anthu amakatunga kumtsinje kapena m'zitsime zosatetezedwa. Funsani komwe madzi a tsikulo achokera, ngati athiridwa klorini, ndipo muone nokha ngati ndowa ili ndi chivundikiro komanso ngati ana onse akumwera kapu imodzi. Kuchimbudzi lowani ndithu. Dothi la mchenga limagumuka msanga, choncho pondani pansi mumve ngati palimba, muonenso kukula kwa bowo, pakuti bowo lokonzera munthu wamkulu limaopsa mwana wa zaka zitatu, amene mapeto ake amakadzithandiza kuseri. Mpondagiya, wosambira m'manja pochoka kuchimbudzi, muuyese cha m'ma 10 koloko, osati m'mawa kwenikweni, kuti mudziwe ngati madzi ndi sopo kapena phulusa zimakhalapobe ana akamapita kukadya.

Nyumba muiunike poganizira nyengo ziwiri za kwathu kuno. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula, kotero chipinda cha malata chopanda mawindo okwanira si malo osungiramo ana masana, ngakhale chitaoneka chokongola motani. Pafunika mthunzi panja ndiponso kuyamba m'mawa n'kuweruka dzuwa lisanakwere. M'dzinja funso ndi la madzi osefukira, monga momwe zidachitikira mu Januwale 2015, pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Mlezi aliyense athe kunena, osayamba wafunsa mnzake, malo okwera komwe angathawire ndi ana, njira yodzera, ndi amene adzanyamula kaundula wa mayina.

Za phala n'zachidule: werengani m'kaundula masiku omwe laphikidwa mwezi watha, ndipo muyerekeze ndi chiwerengero cha ana obwera masiku omwewo. Ngati ana amachepa ufa ukatha, ndiye kuti ntchito ya komiti ili kudimba la sukulu ndi pa zopereka za chimanga, mapira kapena mchewere.

Gawo lomwe ounika ambiri amalidumpha, pomwe ndilo lalikulu, ndi kukhala pansi pamphasa kwa ola lathunthu n'kumaonerera mlezi ndi ana. Werengani ana omwe mlezi mmodzi ali nawo, ndipo mufunse ngati adachitapo maphunziro a alezi. Mvetserani ngati akulankhula nawo m'chilankhulo cha kunyumba, Chisena kapena Chimang'anja, ngati amawaitana mayina, ndiponso chomwe amachita mwana akalira kapena akadzikodzera. Ana olakatula zilembo za Chingerezi mokweza m'mawa wonse amasangalatsa makolo, koma ine ndimaika patsogolo sukulu yomwe ana akuumba ng'ombe zadongo, kusanja zitsekerero za mabotolo, kumvera nthano ndi kufunsa mafunso mosaopa. Mukaona kamtengo kokwapulira pakona, mulembe.

Mukamaliza, gawo lililonse mulipatse mlingo umodzi mwa itatu: zili bwino, zikufunika kukonza, kapena n'zoopsa. Musaphatikize milingoyi kuti mupeze wapakati, chifukwa zoseweretsa zambiri sizichepetsa ngozi ya chimbudzi chomwe chatsala pang'ono kugumuka. Paliponse palembedwa kuti n'zoopsa pakonzedwe sabata yomweyo, ndipo ana asayandikepo kufikira patakonzedwa. Pa zotsalazo sankhani ziwiri zokha, mulembe dzina la wozigwira ndi tsiku lomalizira.

Zotsatira muziwerenge pamsonkhano wa makolo alezi ali pomwepo, pokumbukira kuti ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka, ndipo zambiri zopezeka zolakwika, monga kusowa kwa sopo, nkhuni kapena denga labwino, ndi udindo wa mudzi osati wawo. Lembani makope atatu: lina likhale pasukulu, lina lipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kuti zofunika ndalama zilowe m'mapulani a chitukuko, ndipo lina ku ofesi ya Social Welfare, komwe mungafunsenso za kalembera wa sukuluyo ndi mwayi wa maphunziro a alezi. Kuunikaku kuchitike kawiri pachaka, mu Okutobala mvula isanayambe ndi mu Epulo madzi ataphwera, ndipo ulendo uliwonse muziyamba ndi kuona ngati ziwiri zija zidagwiridwa.