Momwe tingathandizire ogwira ntchito zachipatala kuti maganizo awo asalemedwe

Mvula ikayamba kuno kum'mawa kwa Zambia, malungo amadzaza mawodi, ndipo pa kiliniki ya kumudzi si zachilendo kupeza namwino mmodzi akuona odwala usana wonse, akubereketsa mayi pakati pa usiku, kenako m'mawa mwake ali pa sikelo ya ana. Tikamuona atatopa timangomuuza kuti alimbe mtima, koma mawu amenewo samutula mtolo. Malangizo awa ndi a oyang'anira zipatala, makomiti a zaumoyo a m'midzi komanso abale a ogwira ntchitowa.

Choyamba, dziwani zizindikiro. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kuti kutoperatu chifukwa cha ntchito kumaoneka m'njira zitatu: kutha mphamvu, kuyamba kunyansidwa ndi ntchito kapena kusaikaponso mtima, ndi kulephera kugwira bwino monga kale. Namwino amene ankacheza ndi gogo aliyense pamzere, koma tsopano amangoitana dzina la pakhadi osadzutsa nkhope, kawirikawiri sanasanduke wamwano. Onaninso ngati akusowa tulo, akukalipa pa zazing'ono, kapena wayamba kudutsira kumowa tsiku lililonse akaweruka.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu, konzani ndandanda ya mashifiti mwachilungamo. Uphungu sungaphule kanthu ngati munthu yemweyo ndiye amagwira usiku sabata ndi sabata chifukwa chakuti ndi wamng'ono pantchito kapena alibe banja. Ikani ndandandayo poyera mwezi usanayambe, gawanani mausiku ndi masiku a tchuthi mosinthana, ndipo amene ali pa tsiku lake lopuma musamuimbire foni pokhapokha zitavutadi. Livu isamangounjikana pamapepala. Kumidzi vuto limakula chifukwa nyumba ya namwino imakhala pabwalo la kiliniki pomwepo, kotero aliyense amagogoda nthawi imene wafuna, ngakhale chifuwa chimene chakhalapo masiku anayi. Apa komiti ya zaumoyo, a SMAG (magulu a anthu odzipereka olimbikitsa uchembere wabwino m'midzi) ndi a mfumu ayenera kukhala pansi ndi kuuza anthu momveka kuti kugogoda usiku ndi kwa mayi woyembekezera amene matenda ayamba, mwana amene akukomoka, munthu wolumidwa ndi njoka kapena wovulala kwambiri, ndipo zotsalazo zidikire kuche.

Chachitatu, wodwala akamwalira, makamaka mwana kapena mayi pobereka, musalole amene anali naye kubwerera pamzere ngati kuti palibe chachitika. Mpatseni mphindi zochepa, akhale pansi ndi mnzake, amwe tiyi, alankhule ngati akufuna, ndipo ngati sakufuna musamukakamize. Kucheza kumeneku kusasakanizidwe ndi msonkhano wounika imfayo, pakuti kumeneko munthu amapita akudziteteza, osati kukatula zakukhosi. Musaiwale oyeretsa, alonda, oyendetsa ambulansi ndi a ku mochale, chifukwa nawonso amaona zomwezo koma palibe amene amawafunsa.

Chachinayi, sungani chinsinsi. Nkhani ikangotuluka mu ofesi ya in-charge (woyang'anira kiliniki kapena wodi) ndi kufika pa gulu la WhatsApp, palibenso wina amene adzabwere kudzadandaula.

Chachisanu, dziwani kotumiza munthu zinthu zikapyola mphamvu zanu. Ambiri amaopa chifukwa dzina la Chainama, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Lusaka, tinalisandutsa chitonzo, chonsecho lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, limateteza ulemu ndi ufulu wa aliyense wofuna thandizo lotere. Amene akuchita manyazi kuonedwa ndi anzake a pantchito mungamuthandize kukaonana ndi dotolo kapena phungu pa chipatala china, kaya ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete, apo ayi aimbe nambala yaulere ya Lifeline Zambia, 933. Ngati wanenapo kuti moyo wamutopetsa, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, popeza kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha, mutengereni makiyi a kabati ya mankhwala mwaulemu, ndipo mupite naye kwa dotolo tsiku lomwelo.