Momwe mungawerengere Dow Jones ndi kumvetsa zimene nambala yake ikunena

Nkhani zachuma zikalengeza kuti Dow Jones yatsika ndi mapointi 500, ambiri amaganiza kuti chuma cha America chagwa chagada, chonsecho nambalayo payokha sinena zambiri kwa munthu amene sadziwa momwe imapezekera. Dow Jones Industrial Average ndi indekisi yoyeza kayendedwe ka mitengo ya masheya a makampani akuluakulu 30 a ku United States. Anaiyambitsa ndi mtolankhani Charles Dow pa 26 Meyi 1896, ili ndi makampani 12 okha, ndipo inayambira pa 40.94. Dzina la Jones ndi la Edward Jones, mnzake amene ankagwira naye ntchito yofalitsa nkhani zamalonda. Makampaniwo anafika 20 mu 1916, ndipo kuyambira 1928 akhala ali 30.

Choyamba, fufuzani makampani amene ali pa mndandandawo pa nthawi imene mukuwerengayo, chifukwa amasinthasintha. Amawasankha ndi komiti ya kampani yoyang'anira indekisiyi yotchedwa S&P Dow Jones Indices, ndipo makampani a zamtengatenga komanso ogulitsa magetsi ndi madzi salowamo poti ali ndi maindekisi awoawo. General Electric, imene inalipo pa makampani 12 oyambirira aja, inachotsedwa mu 2018, pomwe mu Novembala 2024 Nvidia inalowa m'malo mwa Intel. Ukuluwu wa mayina usakuiwalitseni kuti awa ndi makampani 30 chabe pakati pa masauzande amene masheya awo amagulitsidwa ku New York.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pofunika kudekha, yesani kuchita nokha masamu ake. Mumaphatikiza mtengo wa sheya imodzi ya kampani iliyonse, kenako mumagawa ndi nambala yogawira. Tiyerekeze kuti makampani alipo atatu, ndipo masheya awo ali pa $100, $50 ndi $30. Kuphatikiza kwake ndi 180, ndipo kugawa ndi 3 kukupereka 60. Tsopano kampani ya $100 ija yaganiza zogawa sheya iliyonse pawiri, kuti amene anali ndi imodzi akhale ndi ziwiri za $50. Palibe amene wataya ndalama, koma kuphatikiza kwatsika kufika pa 130. Kuti indekisi ikhalebe pa 60, nambala yogawira iyenera kusinthidwa kukhala pafupifupi 2.17. Kusintha kotereku kwachitika kambirimbiri kuyambira kalekale, moti pofika kumapeto kwa 2024 nambala yogawira ya Dow Jones inali yochepera 1, pafupifupi 0.16, ndipo sheya imodzi ikakwera ndi $1 indekisi inkakwera ndi mapointi pafupifupi 6.

Masamu amenewa akuonetsa chofooka chachikulu cha Dow Jones: mphamvu ya kampani imadalira mtengo wa sheya yake imodzi, osati kukula kwa kampaniyo. Sheya ya $500 ikakwera ndi 1 peresenti imakankha indekisi kuwirikiza kakhumi kuposa sheya ya $50 imene yakwera mofananamo, ngakhale kampani yachiwiriyo ikhale yolemera kuposa yoyambayo. Apple itagawa sheya yake iliyonse kukhala zinayi mu Ogasiti 2020, mphamvu yake mu indekisiyi inachepa nthawi yomweyo, pomwe kampaniyo inali chimodzimodzi monga dzulo lake. Choncho mukamva kuti Dow Jones yadumpha, onani ngati si kampani imodzi kapena awiri a masheya okwera mtengo amene akoka onse.

Chachitatu, sandutsani mapointi kukhala peresenti pogawa mapointi amene asintha ndi nambala imene indekisi inatsekera dzulo lake, kenako n'kuchulukitsa ndi 100. Pa 19 Okutobala 1987 Dow Jones inatsika ndi mapointi 508, omwe anali 22.6 peresenti, ndipo palibe tsiku lina m'mbiri yake limene inagwa chotere. Pa 16 Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, inatsika ndi mapointi 2,997, koma imeneyi inali 12.9 peresenti. Indekisi imene inadutsa 1,000 mu 1972, 10,000 mu 1999 ndi 40,000 mu 2024 siingayezedwe ndi mapointi okha, popeza mapointi 500 pa 40,000 ndi 1.25 peresenti basi.

Chachinayi, iyerekezeni ndi S&P 500, indekisi ya makampani akuluakulu 500 a ku United States, imene inayamba mu 1957 ndipo imapatsa kampani mphamvu molingana ndi mtengo wa masheya ake onse pamodzi. Ziwirizi zikasiyana kwambiri tsiku limodzi, ine ndimadalira S&P 500, chifukwa imaona msika motakata.

Pomaliza, mukamaona chithunzi cha zaka zambiri, kumbukirani kuti nambala yolengezedwayo siphatikiza phindu limene makampani amagawira eni masheya, komanso siganizira za kukwera mtengo kwa zinthu. Dow Jones inafika pa 381 mu Seputembala 1929, inagwa mpaka 41 mu Julayi 1932, ndipo inabwerera pa mlingo wa 1929 mu Novembala 1954. Amene anasunga masheya ake n'kumalandira phindu lija anabweza ndalama zake zaka 25 zimenezo zisanakwane.