Momwe mungasamalire mkuyu wa mumgolo kuti ubereke kuno ku Harare

Ambirife kuno ku Mbare, Mufakose, Highfield ngakhale ku Mabvuku timakhala m'nyumba za lendi, ndipo mwini nyumba sangakuloleni kukumba dzenje la mtengo pafupi ndi khoma lake. Mkuyu wa mumgolo umathetsa nkhani imeneyi, chifukwa tsiku losamuka umakwera nawo lole limodzi ndi mipando. Komanso mtengo umenewu umabereka msanga mizu yake ikapanikizika, ndipo mumgolo umapulumuka ku tinyongolotsi tam'nthaka totupitsa mizu, tija timavutitsanso tomato.

Yambani ndi mbewu yoyenera. Mkuyu umene ndikunena pano si uja wakumudzi wa m'mbali mwa mtsinje ayi. Uwu ndi wa masamba aakulu okhakhala, ogawika ngati zala za dzanja, ndipo mitundu yake monga Adam, White Genoa ndi Brown Turkey imabereka yokha popanda kudikira timavu tija timalowa m'nkhuyu zakutchire. Chenjerani ndi ena ogulitsa mitengo m'mbali mwa msewu. Amafesa njere kapena kuzula timikuyu takutchire n'kumati ndi Adam, ndipo mudzathirira zaka ndi zaka osalawa kanthu. Njira yosawononga ndalama ndiyo kupempha nthambi kwa mnansi amene mtengo wake munadyako zipatso. Dulani mu Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti masamba atayoyoka, nthambi yonenepa ngati chala, yotalika masentimita 20 mpaka 25, muizike mumchenga wonyowa pamthunzi n'kusiya mfundo ziwiri kunja. Utomoni wake umayabwa pakhungu, musambe m'manja mukatha.

Chaka choyamba ndowa ya malita 20 ikwanira. Kenako musamutsire mumgolo wa malita 200 wodula pakati. Migolo imapezeka ku msika wa Siyaso ku Mbare, koma muziyamba mwanunkhiza ndi kufunsa zimene munali m'katimo, popeza ina inasungapo mankhwala oopsa ndipo wogulitsa sangayambe yekha kukuuzani. Mtengo woyamba umene angakutchulireni si womaliza, nenererani. Boolani mabowo ambiri pansi, mukhazike mgolowo pa njerwa. Katondo wathu wofiira wa ku Harare payekha amauma gwa mumgolo, choncho sakanizani gawo limodzi la dothi, limodzi la mchenga wa kumtsinje ndi limodzi la manyowa owolerana bwino. Ikani pamalo owomba dzuwa maola osachepera 6, makamaka chakumpoto kwa nyumba.

Tsopano nkhani ya madzi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene nkhuyu zanga zinathera chaka china. Mtengo unaphukira bwino mu Seputembala, tinkhuyu titatuluka m'mphanda za masamba ngati nsawawa. Okutobala atafika ndi dzuwa lake lija, mipopi inauma masiku angapo monga mudziwa mmene zimakhalira kuno. Madzi atabwera ndinayambiranso kuthirira, ndowa yathunthu m'mawa uliwonse, madzi n'kumatuluka pansi pa mgolo bwinobwino. Koma masamba anapitiriza kuchita chikasu, tinkhuyu n'kumafota, kumagwa kamodzikamodzi mpaka mtengo kutsala wopanda kanthu.

Nditafukula ndi kamtengo ndinapeza kuti m'kati dothi linali louma ngati ufa. Chimene chimachitika n'chakuti dothi la mumgolo likauma kwambiri limakhwinyata n'kusiya mpata pakati pa ilo ndi khoma la mgolo. Madzi onse amene mukuthira amatsetsereka mumpatamo n'kutulukira pansi, mizu osalawa ngakhale dontho. Inu mumaona pansi panyowa n'kumati mtengo wamwa. Ndipo mkuyu ukamva ludzu, choyamba kutaya ndi zipatso.

Ndiye chitani izi. Musakhulupirire madzi otuluka pansi, pisani chala chonse m'dothi chapakati, kapena zikani kamtengo mpaka pansi n'kukasolola muone ngati kanyowa. Ngati dothi lauma kale, tsekani mpata wa m'mbali ndi dothi lina, muboole timabowo ndi kamtengo pamwamba ponse, kenako muzithira pang'onopang'ono, kapu ziwiri, kudikira zilowe, kuthiranso, mpaka mgolo ulemere. Ukakhala wa ndowa, ingouviikani m'bafa la madzi kwa ola limodzi. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika, sungani zigubu ziwiri za mtengowo basi, zosakhudza wina aliyense pakhomo. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba ndi abwino, a sopo wochapira ayi. Phimbirani pamwamba ndi udzu wouma, ndipo ngati mgolo uli wachitsulo kapena wakuda, ukulungeni ndi masaka kapena kuupaka laimu, chifukwa dzuwa la masana limawotcha mizu yogundana ndi khoma. Ine ndimakwiriranso botolo la malita awiri lobooledwa ndi singano pafupi ndi tsinde, kuti tsiku limene ndachedwa ku ntchito mtengo uzimwabe.

Za feteleza, dzanja likhale louma. Mukathira feteleza wa AN (ammonium nitrate) kapena zitosi za nkhuku zambiri, mudzakhala ndi masamba okongola obiriwira koma nkhuyu osaziona. Kadzanja kamodzi ka Compound D mu Ogasiti mtengo ukamadzuka, ndi phulusa pang'ono la nkhuni zipatso zikayamba kuoneka, zakwana. Gulani wa m'thumba losindikizidwa. Uja wopima ndi kapu pamsika nthawi zina amakhala wosakaniza ndi zina.

Nthambi yatsopano ikafika masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, tsinani nsonga yake. Mphamvu imabwerera ku zipatso m'malo mothamangira kutalika. Mphukira zotuluka pansi pa tsinde muzichotsa.

Mvula ikachuluka nkhuyu zimang'ambika ndipo masamba amagwidwa timadontho tofiirira ngati dzimbiri. Kokerani mgolo pakhonde ngati mungathe, masamba ogwawo muwotche. Mukaona utuchi pa thunthu, muli mbozi, ilaseni ndi waya m'bowo lakelo. Apumbwa amadziwa tsiku lakupsa kuposa inu, choncho neti yakale ya udzudzu iphimbe mtengo. Thyolani nkhuyu ikafewa n'kuweramitsa khosi, popeza yothyola yaiwisi siipsanso m'nyumba.

Mu Juni ndi Julayi masamba adzathothoka onse. Mtengo sunafe, chepetsani madzi, ndipo amene muli kufupi ndi madambo muusendeze kukhoma usiku wa chisanu. Thenerani nthawi yomweyo. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, uzuleni, mudule mizu yozungulira m'mbali ndi chikwanje chakuthwa, muubwezere momwemo ndi dothi latsopano.