Kagwiritsidwe ntchito ka mawu oti rumour

Ana anga a Folomu 3 kuno ku Luchenza amakonda kulemba rumour akafuna kunena bodza. Ayi ndithu. Rumour ndi mphekesera, nkhani yongoyenda pakamwa, yopanda mwini wake, yomwe palibe waitsimikiza. Mawa ikhoza kupezeka kuti inali yoona.

Tinene kuti muli m'minibasi yopita ku Chitakale, wina n'kuyamba, "Akuti esiteti ikweza malipiro a othyola tiyi." Mukafunsa kuti wanena ndani, aliyense akuloza mnzake. Imeneyo ndiye rumour. Chikalata chikangomatidwa pa ofesi, basi, yasanduka nkhani yotsimikizika.

Ikakhala imodzi, ikani kamawu koti "a" patsogolo: I heard a rumour. Zikachuluka, rumours. Pamene ife timati "akuti", Mngelezi amati rumour has it that, ndipo apa a uja musamuikepo. Kufalitsa mphekesera ndi to spread a rumour.

Musasokoneze ndi gossip, miseche ya za moyo wa eni. Mawu amenewo sawerengeka, sitiwonjezera s kumapeto kwake, ndiye mwana akandilembera gossips kutanthauza miseche, ndimadula ndi cholembera chofiira.

Ku America amalemba rumor. Pa mayeso a MSCE tsatirani kalembedwe ka ku Britain, u wachiwiriyo asasowe.