Khola la bilimankhwe wamng'ono: mpweya, dzuwa ndi madzi odontha

Khola likhale lokonzeka nyama isanafike. Limangeni, ikani zomera, yatsani nyale, kenako liyezeni kutentha kwa sabata yathunthu lili lopanda kanthu. Bilimankhwe wamng'ono, wotalika ngati chala chamkombaphala, sangadikire kuti mukonze zolakwika iye ali momwemo. Masiku ochepa opanda madzi, kapena masana amodzi a mu Okutobala padzuwa lopanda mthunzi, basi zake zatha.

Nkhani ya malamulo ibwere patsogolo. Nyama zakutchire m'dziko muno zimatetezedwa ndi lamulo la National Parks and Wildlife Act, lomwe linakonzedwanso mu 2017, ndipo malonda a mitundu yambiri ya abilimankhwe pakati pa mayiko amayendera mgwirizano wa CITES. Musanasunge, funsani za chilolezo ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Amene mumamuona akuwoloka msewu nthawi ya dzinja ku Chilomoni kapena ku Chigumula nthawi zambiri ndi wa mtundu wa Chamaeleo dilepis. Ameneyo musiyeni apite, chifukwa wogwidwa kutchire amabwera ndi njoka zam'mimba ndipo kawirikawiri sazolowera khola. Wina wongopezeka m'phiri la Mulanje, Nadzikambia mlanjensis, yemwe dzina lake lasayansi linachokera ku liwu lathu lomwe lija lakuti nadzikambe, ali pangozi yakutha, ndipo si wosunga n'komwe. Woyenera khola ndi wobadwira mu khola. Miyeso ili m'munsimu ikuyenera dilepis komanso Chamaeleo calyptratus wa ku Yemen ndi Saudi Arabia, yemwe amawetedwa kwambiri kunja. Amitundu ya m'mapiri amafuna kozizirirapo.

Thupi la khola

Bokosi lagalasi losungiramo nsomba si khola la bilimankhwe. Mpweya sumayenda, chinyontho chimakhazikika pansi, ndipo mapeto ake ndi matenda a m'mapapo. Galasi limachitanso ngati kalilole: amadziona, n'kuyesa ndi mnzake wodzalanda malo, n'kumakhala wokwiya tsiku lonse. Chofunika ndi khola la waya, lalitali chokwera osati chogona, popeza moyo wake wonse ndi wamumtengo.

Kwa wa miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi, masentimita 40 m'lifupi, 40 m'mbali ndi 75 chokwera n'zokwanira. Lalikulu kwambiri limamuvuta kupeza chakudya, nanunso simuona ngati akudya. Akakula adzafuna la 60, 60 ndi 120.

Kalipentala wa ku Ndirande kapena ku Limbe mumuuze izi: timitengo ta paini ta masentimita 2.5 mbali zonse, tinayi ta 75 toimirira, tisanu ndi titatu ta 40 topingasa, ndi tina tinayi ta chitseko. Kutsogolo konse kukhale chitseko cha mahinjesi awiri ndi kachitsulo kotsekera. Waya wake ndi uja wa sefa woika m'mazenera potchinga udzudzu. Mamita awiri ndi theka a mpukutu wa masentimita 90 amakuta mbali zinayi ndi denga. M'mphepete modulidwa mwa waya mukhomerepo timatabwa topyapyala kuti nsonga zisamubaye mapazi, ndipo pasatsale mpata wolowa chala, chifukwa tizilombo tomudyetsa timatulukira pomwepo. Matabwa opakidwa oyilo wakuda kapena mankhwala a chiswe ayi. Mukapaka vanishi, khola likhale panja mpaka fungo litatheratu, ngakhale zitatenga masabata awiri.

Pali msampha umodzi womwe ndi wathuwathu. Anthu ambiri amaganiza zodula neti yaudzudzu yakale n'kukutira khola. Maneti ogawidwa ku zipatala ndi onyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo, ndipo mankhwalawo satha ndi kuchapa kamodzi. Amapha chakudya cha bilimankhwe, komanso iyeyo amanyambita madontho otsetsereka pa netiyo. Chimodzimodzinso Doom ndi makoyilo audzudzu: chipinda chomwe mumapopera kapena kufukiza usiku si chipinda chake.

Pansi pasakhale dothi, mchenga kapena utuchi. Lilime lake limamata, ndiye likaphonya chiwala limabwera ndi zinyalala zomwe zimatseka matumbo. Ikani pulasitiki yolimba yoboola timabowo tingapo pakati, beseni likhale kunsi kwake lolandira madzi. Kholalo liikeni pa tebulo kuti nthambi yapamwamba ikhale molingana ndi maso anu kapena kupitirira. Bilimankhwe woyang'anidwa kuchokera pamwamba amayesa mbalame yabwera. Miyendo ya tebulo muyiimike m'zitini zamadzi, apo ayi linthumbwi likadutsa usiku mudzapeza mafupa okha.

Nthambi ndi masamba

Mapazi ake ali ngati mbano, zala ziwiri mbali ina zitatu mbali ina, choncho nthambi ikhale yoti aizungulire ndi phazi: kunenepa ngati pensulo, zina zocheperapo. Za gwafa ndi za mabulosi ndi zabwino. Zitsukeni ndi madzi otentha, muziyanike. Nkhadze ndi mitengo ina ya mtundu wake yotuluka utomoni woyera musayerekeze. Utomoni wake umawotcha maso. Mangani nthambi zisanu kapena zisanu ndi imodzi mopingasa pa misinkhu yosiyana, yapamwamba kwambiri ikhale masentimita 20 kuchokera ku denga. Muzimangirire ku matabwa, osati ku waya, ungang'ambike.

Pakati payikidwe chomera chamoyo chamasamba ambiri, choti akalowamo muzichita kumufunafuna. Pothos, Schefflera arboricola, Ficus benjamina ndi hibiscus zimapezeka kwa ogulitsa maluwa m'mphepete mwa misewu ya mu mzinda wa Blantyre. Oleander ndi Dieffenbachia ndi zapoizoni. Chomera chogula chikhoza kukhala chopoperedwa, choncho tsukani tsamba lililonse kumwamba ndi kunsi, musinthe dothi, ndipo pamwamba pa dothilo muyale miyala yoposa mutu wake kukula.

Kuwala ndi kutentha

Apa ndi pamene ambiri amatayira nyama. Pakufunika zinthu ziwiri zosiyana: kutentha, ndi kuwala kwa UVB, komwe ndi gawo la kuwala kwa dzuwa losaoneka ndi maso. Popanda UVB khungu lake silipanga vitamini D3, popanda D3 thupi silitenga kashiamu m'chakudya, ndipo mwana amene akukula msanga amayamba kuchotsa kashiamu m'mafupa ake omwe. Miyendo imapindika ngati uta, nsagwada imafewa, lilime limalephera kufika patali, amagwa m'nthambi. Zikafika pamenepo, fupa lopindika silidzawongokanso ngakhale atachira.

Nyale yodalirika ndi yaitali ya T5, yolembedwa 5.0 kapena 6%, yogonekedwa pamwamba pa denga la waya. Waya wa sefa umatchinga gawo lina la kuwalako, n'chifukwa chake nthambi yoothera isapitirire masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pa nyale. Nyalezi zimapitiriza kuwala ngakhale UVB itachepa, ndiye lembani tsiku loyamba kuyatsa pa thupi lake lomwe, muisinthe pakatha miyezi 6 mpaka 12 monga alembera opanga. Mukamaitanitsa kunja, onani mphamvu ya magetsi: ya ku South Africa imagwirizana ndi athu, koma yopangidwira mavoti 110 a ku America imapsa nthawi yomweyo.

Mwayi wathu ndi dzuwa. Palibe nyale yoposa dzuwa la m'mawa pa khonde loyang'ana kum'mawa. Tulutsani khola kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi, pakati pa 7 ndi 9 koloko, katatu kapena kanayi pa sabata, theka la denga litaphimbidwa ndi chitenje kuti pakhale pothawira. Dzuwa lodutsa pa zenera lagalasi silithandiza: galasi limatchinga UVB koma kutentha kumadutsa, ndiye mwangomuika mu uvuni. Ali panja pakhale munthu pafupi. Amphaka ndi akhwangwala sachedwa.

Kutentha kumachokera ku babu wakale uja wa kawaya mkati, kapena wa halojeni, wa mawati 25 mpaka 40. Mababu a LED amawala koma satenthetsa. Babuyo akhale kunja, pa ngodya imodzi, atakwezedwa masentimita 5 mpaka 10 pamwamba pa waya, chifukwa ana amakonda kuyenda chadodolido pa denga ndipo amapsa pamimba osathawa. Pa nthambi yoothera pafike madigiri 27 mpaka 29, kunsi kwa khola kukhale 22 mpaka 25. Musayeze ndi dzanja. Gulani choyezera kutentha chokhala ndi kachingwe, mumangirire nsonga yake pa nthambipo. Nyale zonse ziyake maola 12, kuyambira 6 koloko m'mawa kufika 6 madzulo, kenako mdima weniweni. Babu wofiira wausiku amangomusokoneza tulo. Usiku kuzizira mpaka madigiri 16 kapena 18 n'kwabwino kwa iye.

Nyengo ya Blantyre ili ndi mbali ziwiri zoyenera kuchenjera nazo. Mu Okutobala ndi Novembala nyumba yamalata imapyola madigiri 30 payokha. Zimitsani babu wotenthetsa, UVB yokha iyake, khola lipite ku chipinda chozizira, ndipo kuothetsa dzuwa kuthe 8 koloko isanakwane. Mukamuona wayera mbuu, watsegula kukamwa ndipo watsikira pansi, watenthedwa. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa, masiku atatu dzuwa osaoneka, vuto ndi kuzizira kophatikizana ndi chinyontho. Khola lichoke pakhonde, mbali ziwiri ziphimbidwe ndi nsalu usiku, ndipo musapopere madzi madzulo. Magetsi akazima tsiku lozizira, botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo muliike pamwamba pa denga, ndipo chakudya muchepetse, chifukwa thupi lozizira siligaya. Mbaula yamakala pafupi ndi khola ndi imfa.

Madzi

Mbale yamadzi ilibe ntchito. Bilimankhwe amazindikira madzi akamanyezimira kapena kuyenda pa tsamba, monga mame. Poperani masamba kawiri pa tsiku, m'mamawa ndi chakumadzulo, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kawirikawiri amayamba kumwa patapita kanthawi, ndiye kupopera kwa masekondi khumi n'kungonyowetsa khola. Botolo lopopera likhale latsopano, osati lomwe munali mankhwala atsitsi kapena am'munda. Musamulunjike kumaso. Madzi apampopi agone m'ndowa yosavindikira usiku umodzi.

Onjezani chodonthezera. Tengani botolo la theka la lita, muboole kabowo kamodzi pansi ndi singano, muliimike pa denga pamwamba pa tsamba lalikulu. Chivindikiro ndicho chowongolera: mukachimasula pang'ono madontho amafulumira, mukachimanga amachedwa. Dontho limodzi pa sekondi limatha botolo m'maola awiri kapena atatu. Pakati pa kupopera kumodzi ndi kwina khola liume. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mpweya umakhala wouma, poperani katatu. M'dzinja chepetsani, ndipo muziyang'ana nkhungu pa nthambi. Beseni lizitayidwa tsiku ndi tsiku, lisasanduke moswera udzudzu.

Ngati akumwa mokwanira, ndowe zake zimakuuzani. Zimatuluka ndi kachigawo koyera kumapeto. Kakakhala koyera kapena kachikasu pang'ono, zili bwino. Kakafika pa mtundu wa lalanje, ndipo maso alowa mkati, madzi achepa m'thupi.

Chakudya

Amadya zamoyo zokhazokha, zoyenda. Kachilombo kasapose mtunda wa pakati pa maso a bilimankhweyo. Wamng'ono amadya tizilombo 10 mpaka 15 tsiku lililonse, m'mawa akaotha. Tiziwala tating'ono, tinkhululu tating'ono ndi tintchentche ta pa zipatso, tomwe mungaweta ndi nthochi yakupsa m'botolo, ndi chakudya chabwino. Ngumbi ndi zamafuta, zikhale za apo ndi apo. Mnunkhadala, chiwala chokongola chonunkha chija, ndi chapoizoni, ziphaniphani nazonso. Mphemvu zam'nyumba ndi ziwala za m'dimba lopoperedwa zimabwera ndi mankhwala. Tizilombo tisanaperekedwe tidye tsiku limodzi masamba a mpiru, nkhwani, kaloti kapena papaya, chifukwa zimene zili m'mimba mwa tizilomboti ndizo zimakafika kwa bilimankhwe. Tiwazeni ufa wa kashiamu wopanda D3 pafupifupi tsiku lililonse, pang'ono chabe, tisachite kuoneka ngati tagwera m'thumba la ufa. Wokhala ndi D3 ndi mavitamini ena kawiri pa mwezi basi. Kapu yakuya yomangirira kunsi kwa nthambi imathandiza kuwerenga zomwe wadya. Nkhululu zotsala zichotsedwe madzulo, zimamuluma ali mtulo.

Khola limodzi, bilimankhwe mmodzi. Ngakhale makola awiri oyandikana pakhale chotchinga pakati kuti asaonane.

Sabata yoyamba musamugwire, ndipo ana a m'nyumba aziona ali patali. Alibe ululu, ngakhale ambiri tinakula tikumuopa, koma monga zokwawa zina akhoza kukhala ndi tizilombo ta Salmonella, choncho sambani m'manja ndi sopo mukagwira khola. Pomuchotsa, ikani dzanja kutsogolo kwake akwere yekha. Kumuzula pa nthambi kumathyola zala. Kuda thupi m'mawa poothera si vuto, akukoka kutentha. Koma kuda tsiku lonse, kutseka maso masana, kukhala pansi pa khola, kapena kupuma kukamwa kuli yasa kukutuluka thovu, yezani kaye kutentha pa nthambi yoothera, onani tsiku munalemba pa nyale ya UVB, ndipo mupite naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, m'kabokosi kamdima kokhala ndi timabowo ndi kanthambi kogwira.