Musanagule makina ochapira ndi oumitsira zovala, yang'anani kaye mpope ndi soketi

Makina ochapira ambiri amene amathera pakhonde atavundikiridwa ndi chitenje sanali oipa pogula. Anangofika pa nyumba imene madzi ndi magetsi ake sagwirizana nawo. Choncho kusankha kumayambira pa mpope wanu, kenako pa soketi, kusitolo n'komaliza.

Makina a chitseko chakutsogolo, a front loader, amatunga okha madzi ndipo amafuna madzi obwera mwamphamvu. Mabuku a makina ambiri amati mphamvu ya madzi isachepere 0.5 bar, ena amati 1 bar. Ngati madzi anu amachokera m'thanki, werengerani motere: kutalika kwa mamita 10 kumapereka pafupifupi 1 bar, ndiye thanki ya pa nsanja ya mamita 3 kapena 4 ikupereka 0.3 kapena 0.4 basi. Makina amadikira mphindi zingapo, akaona kuti sakudzaza amaima n'kuyamba kulira. Pamenepo pafunika pampu yowonjezera mphamvu pakati pa thanki ndi nyumba, ndipo mtengo wake muuphatikize pa bajeti musanapite kogula. Madzi akakhala okwanira, mtundu umenewu ndiwo wosawononga: onyamula zovala za makilogalamu 8 amamwa malita pafupifupi 50 mpaka 60 pa mchapo umodzi, kunena kwake ndowa zitatu za malita 20. Otsekulira pamwamba, a top loader, amamwa kawiri kuposa pamenepo kapena kupitirira, ngakhale amachapa msanga ndipo safuna kuwerama.

Koma ngati kwanu madzi a Water Board amabwera usiku wokha, kapena mumatunga pamjigo, musachite manyazi kugula twin tub, makina a mbali ziwiri aja, ina yochapira ina yofinyira. Mumathira madzi ndi ndowa, madzi otsukuluzira zoyera mungachapirenso zakuda, ndipo magetsi akathima pakati mumangotulutsa zovala n'kumaliza pamanja. Front loader imakhoma chitseko, zovala n'kugona m'madzimo mpaka magetsi atabwera. Mkati mwa twin tub muli mota ziwiri, lamba ndi taimala, zinthu zimene mmisiri aliyense wa pa msika amazidziwa. Kuipa kwake n'kwakuti muyenera kukhala pomwepo, kusamutsa zovala nokha.

Magetsi a ESCOM ndi a 230V, 50Hz, ndipo soketi zathu n'za mano atatu a makona ngati za ku Britain. Makina opangira msika wa ku South Africa kapena ku Britain amagwira bwinobwino. A ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, ndipo ndi bwino wamagetsi aikepo pulagi yathu ya 13A m'malo mogwiritsa adaputala yotchipa, chifukwa adaputala imatentha n'kusungunuka. Ochapira a ku America ndi a 120V, 60Hz, osagwirizana ndi magetsi athu, choncho m'bale akafuna kukutumizirani, mumuuze atumize ndalama. Chimene chimadya magetsi kwambiri si mota koma chotenthetsera madzi, cha mawati pafupifupi 2,000. Kuchapa pa madigiri 60 kumadya pafupifupi yunitsi imodzi, pamene kuchapa ndi madzi ozizira sikufika ndi theka lomwe. Amene ali pa sola kapena jenereta yaing'ono aonetsetse kuti makinawo ali ndi batani lozimitsira chotenthetseracho.

Mdani wamkulu ndi magetsi obwera mwadzidzidzi atathima. Amapsereza bolodi lolamulira makina, ndipo bolodi ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri, nthawi zambiri lochita kuitanitsa kunja. Gulani chotetezera chomwe chimachedwetsa magetsi kwa mphindi zingapo akabwera, cholembedwa 13A kapena kuposa. Zina zopangira firiji n'zochepa mphamvu. Mufunsenso wogulitsa ngati makinawo amapitiriza pomwe analekera magetsi akabweranso.

Za kukula sizivuta. Makilogalamu olembedwa pa makina ndi a zovala zouma. Banja la anthu anayi kapena asanu limakwana ndi a makilogalamu 8 kapena 9. A mabulangeti olemera atenge a 10. Ambiri ndi otambalala masentimita 60 ndi otalika 85, koma kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo amasiyana, kuyambira 45 mpaka 65. Yezani malowo ndi tepi, musiye mpata wa mapaipi kumbuyo, ndipo muyezenso khomo lolowera.

Tsono za kulimba. Chikwangwani cha "waranti ya zaka 10" chomatidwa pa makina a LG, Samsung ndi ena nthawi zambiri chimanena za mota yokha, ndipo mota yamakono yotchedwa inverter imakhalitsa ngakhale popanda lonjezolo, poti ilibe makala otha ngati mota zakale. Zimene zimafa ndi zina: pampu yotulutsa madzi, valavu yolowetsa madzi, labala wa pachitseko, loko wa chitseko, mashokabu ndi mabering'i a dramu. Za mabering'i mufunse mosamala. Makina ambiri amakono ali ndi chigubu chakunja cha pulasitiki chomatidwa osatsekuka, moti mabering'i akayamba kulira pofinya, sungawasinthe okha, umagula dramu lonse, mtengo wake woti munthu amangoganiza zogula makina ena. Achigubu chomanga ndi mabawuti amakonzeka. Wogulitsa m'sitolo mwina sangadziwe zimenezi, koma mmisiri wokonza makinawa ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu amadziwa, ndipo ulendo wopita kwa iye musanagule ndi waphindu kuposa kuzungulira masitolo asanu. Mufunseni mitundu imene zipangizo zake amazipeza msanga. Mitundu yofala kuno ngati Defy ndi Hisense imapindula pamenepa, pamene makina apamwamba a ku Ulaya amene palibe wowagulitsa m'dziko muno angakhale miyezi akudikira kachipangizo kakang'ono. Pa risiti palembedwe nambala ya makinawo, zaka za waranti, ndi yemwe adzakonze. Mapulogalamu 20 ndi Wi-Fi musalipirire, pakhomo pamagwira atatu okha.

Za makina oumitsira, yambani mwadzifunsa ngati mukuwafunadi. Miyezi yambiri dzuwa lathu limaumitsa chochapa masana asanathe. Amathandiza m'dzinja, pa chiperoni cha ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, m'nyumba zosanja zopanda poyanika, ndi pakhomo pa khanda, makamaka chifukwa zovala zosayanikidwa panja ntchentche ya mphutsi siipeza poikira mazira. Kupanda apo, ndalamazo ziwonjezereni pa ochapira ofinya kwambiri. Ofinya pozungulira ka 1,400 pa mphindi amatulutsa zovala zotsala pang'ono kuuma poyerekeza ndi a 800 kapena 1,000, ndipo zimenezi zimachepetsanso mayunitsi ngati mudzagula oumitsira m'tsogolo.

Mitundu ya oumitsira ilipo itatu. A vented amatulutsa mpweya wonyowa kudzera m'paipi ya mamilimita 100 yoboola khoma. Ndi otchipa, osavuta kukonza, koma amakoka mawati 2,000 mpaka 2,500 ndipo katundu mmodzi angadye mayunitsi atatu kapena anayi. A condenser safuna chiboo, madzi amagwera m'kabokosi kokhuthula, koma magetsi amadya chimodzimodzi ndipo amatenthetsa chipinda. A heat pump amadya pafupifupi theka la magetsiwo, amaumitsa ndi kutentha kochepa motenga nthawi, ndipo mkati muli kompuresa ndi gasi ngati firiji, choncho mtengo wogula ndi wokonzetsa ndi wokwera. Woumitsa tsiku ndi tsiku amapindula ndi heat pump. Wa miyezi itatu ya mvula atenge vented. Makina ophatikiza kuchapa ndi kuumitsa amapulumutsa malo, komatu ochapa makilogalamu 8 amaumitsa 5 okha, ndipo akafa mwataya zonse ziwiri. Ochapira ndi oumitsira aliyense akhale ndi soketi yake ya pakhoma: pulagi ya 13A imanyamula mawati pafupifupi 3,000, awiriwo pamodzi amapitirira.

Tsiku lofika makina, chotsani mabawuti atatu kapena anayi a kumbuyo amene amagwira dramu paulendo. Mukawaiwala, makina amadumpha pofinya mpaka kuthyola zamkati, ndipo waranti siilipira zimenezo. Asungeni, mudzawafuna posamuka. Ikani makinawo pa simenti yosalala, musinthe timiyendo mpaka asagwedere, ndipo paipi yotulutsa madzi ikwere masentimita 60 mpaka 100 kuchokera pansi, kuopa kuti madzi angamatuluke okha makina akudzaza. Mu front loader thirani sopo wolembedwa automatic. Safu wochapira pamanja amachita thovu lambiri lomwe limasefukira ndi kusokoneza pampu. A madzi a pachitsime azitsuka kasefa ka pamene paipi ya madzi imalowera, chifukwa mchenga umatseka pamenepo. Sefa ya pampu, kumunsi kutsogolo, itsekulidwe miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, mutatchera beseni, muchotse makobidi ndi mapini. Pa oumitsira, sefa ya ubweya wa zovala iyeretsedwe mukangomaliza kuumitsa kulikonse, chifukwa ubweyawo ukaunjikana pafupi ndi chotenthetsera umayaka moto.