Malangizo a mankhwala ndi opaleshoni kwa odwala Crohn's ndi ulcerative colitis

Matenda awa ndi kutupa kwa matumbo kosatherapo, kumazilala kenako nkuyambanso. Ulcerative colitis imakhala m'matumbo aakulu chabe, koma Crohn's ingagwire paliponse kuyambira mkamwa mpaka kotulukira chimbudzi.

Imwani mankhwala monga adokotala alembera. Mesalazine kapena sulfasalazine mumapitiriza kumwa olo mwayamba kumva bwino. Sulfasalazine imapangitsa mkodzo kukhala wa orenji ngati Fanta, musaope, koma ngati Septrin inakutulutsani ziwengo auzeni adokotala musanayambe chifukwa onse awiri ali ndi sulfa.

Prednisolone ndi wa nthawi yochepa, matenda akavuta. Musasiye mwadzidzidzi. Apa ndiye ambiri amalakwa, munthu waona magazi asiya nkhope yayamba kunenepa basi waponya mapilisi mu kabati, osadziwa kuti thupi lazolowera ndipo angafooke mpaka kukomoka, mlingo amachepetsa pang'onopang'ono ndi adokotala.

Azathioprine imafuna kupimitsa magazi pafupipafupi, maselo oyera ndi chiwindi. Methotrexate ndi KAMODZI PA SABATA, osati tsiku lililonse, ndipo osaphatikiza ndi Septrin, osamwanso ngati muli ndi pakati kapena mukufuna mwana. Infliximab ndi adalimumab amachepetsa chitetezo cha thupi, ndiye asanakuyambitseni akupimeni TB, hepatitis B ndi HIV. Kuno ku Lusaka ichi musachione mopepuka, TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn's olo pa colonoscopy (kuunika m'matumbo ndi kakamera), funsani ngati anatengako kanyama ka m'matumbomo kukapima. Mutu ukawawa imwani Panadol, osati Brufen kapena diclofenac za pa kantemba chifukwa zingadzutse matendawa. Fodya siyani, makamaka a Crohn's.

Opaleshoni imabwera mankhwala akalephera, matumbo akatsekeka kapena kubooka, kapena magazi akakana kusiya. Kwa ulcerative colitis kuchotsa matumbo aakulu kumathetsa kutupako, kwa Crohn's amadula gawo lowonongeka chabe ndipo matenda angabwerenso pamene analumikizapo.

Ena amatuluka ndi stoma, kabowo pamimba pomwe chimbudzi chimatulukira mu kathumba, nthawi zina kwa miyezi chabe. Khuthulani kathumba kasanafike theka. Nshawa ndi chimanga chootcha tafunani kwambiri kapena zisiyeni kaye, zingatseke stoma. Pa kutentha kwa Okutobala, a ileostomy (stoma ya matumbo aang'ono) madzi amatha msanga m'thupi, sungani ORS m'nyumba. Stoma ikada, kapena ikasiya kutulutsa kwinaku mukusanza, pitani kuchipatala msanga olo usiku.